Funso Lachitatu

Sungeni wafika ndi kope lonyowa m'mphepete,
chifunga cha Juni chili m'tsitsi.
"Ababa, funso lachitatu likuti:
tchulani malo oonerako nyama zakutchire."
Anzake alemba kale Liwonde ndi Kasungu,
kumene sanapondeko ngakhale kutulo.

Ine ndine mlonda, mwanawe.
Zaka khumi ndi zinayi ndikulondera matabwa a eni
kunsi kwa phiri la Dedza,
kumene mphepo imaluma zala osauwa.
Songola pensulo. Lemba.

Lemba kuti kuseri kwa mulu wa utuchi,
basi yomaliza ikangodutsa pamsewu waukulu,
pamadutsanso nungu, wosapereka moni,
ulendo wokaba kachewere kudimba la a Nangozo.
Minga yake iwiri ili m'thumba la jasi langali.
Gwira. Usadzibaye.

Lemba njira yokwera kunsanja za mafoni.
Pamenepo anyani amakhala pathanthwe
ngati akuluakulu odikira alawansi,
wamkulu akudzikanda m'khwapa,
maso ali pa chimanga chako chootcha.
Usawaseke. Amasunga mangawa.

Pamwamba pake, pamene paini wathera,
mbira zimayala mimba padzuwa.
Chinkhoma ndinachionapo kamodzi kokha,
chaka chimene unabadwa iwe,
chitaima pansonga ya mwala, ziboda zonse zinayi pamodzi
ngati chaponda ndalama yachitsulo.
Sindinauze munthu.
Anthu a misampha ali ndi makutu aatali.

Kumsika usakuiwale.
Akhwangwala, makolala oyera ngati abusa,
amachita msonkhano padenga la ogulitsa nyama,
ndipo sagwirizana kanthu.
Kusukulu kwanu komweko, inu mukaweruka,
mileme imatuluka m'siling'i
kukayamba makalasi ake.

Fisi sumuona.
Umangomva kuti uwiii chakudambo,
m'mawa n'kupeza chingwe chili pachikhomo,
mbuzi palibe,
mwini wake akuloza mapazi m'matope
ngati mapaziwo abweza kanthu.

Ku Chongoni zina zili pamwala,
zopakidwa ndi dothi loyera ndi manja akale.
Zimenezo sizithawa.
Moto wa osaka mbewa umafika pakhomo pa phanga
n'kubwerera wokha.

"Nanga kambuku, ababa?"
Pamenepo siya mzere wopanda kanthu.
Amene ankamuona tinawaika kale m'manda,
ndipo nthambi imene ankagonapo masana
mwina ndi thabwa lomwe ndimakhalira usiku.

Lachinayi kope labwerera.
Mtanda wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi,
ndi dzanja la a Kachingwe m'mbali:
"Awa si malo ovomerezeka."
Sungeni sanalire. Anangoliponya pampando,
nadya osandiyang'ana.

Sindinapite kukatsutsana ndi aphunzitsi.
Iwo ali ndi buku, ine ndili ndi tochi
ya mabatire ofooka.

Loweruka ndinamutenga kuntchito.
Amayi ake anadandaula za chifuwa,
ndinamukulunga m'jasi, chipewa mpaka m'makutu,
tinakhala kuseri kwa utuchi
mbaula titaizimitsa.
Basi inadutsa.
Malole awiri opita kumalire anadutsa.
Mwezi unakwera pamwamba pa nsanja,
miyendo inachita dzanzi.

Nungu sanabwere.

Ndinayamba kukonza mawu opepesa,
oti nyama ilibe wotchi,
oti mwina a Nangozo akumba kale kachewere,
pamene china chake chinaswa tsekera
kuseri kwa mpanda, chapafupi,
chinaima,
chinapuma mpweya umene tonse tinaumva.

"N'chiyani?" ananong'ona.
"Sindikudziwa."
Ndinafuna kuyatsa tochi.

Anandigwira dzanja mwamphamvu,
osati chifukwa cha mantha, ayi,
koma kuti ndisayatse,
kuti ndikhale chete,
kuti chisachoke.